Mphindi Makumi Anayi za Tiyi

Dzina loti Mayi Koloko anawapatsa ndi alonda a pageti, osati anthu ophunzira a m'katiwo. Ophunzirawo sakanatha kupatsa munthu dzina lotere, pakuti kuti udziwe kuti mnzako amafika pa nthawi yake, nawenso uyenera kukhala utafika. Alonda akaona mayiwo akukhota pakona ya mpanda, chikwama chabulauni chili pamkono, ankadziwa kuti kwatsala mphindi khumi kuti eyiti ikwane, ndipo amene wotchi yake ikunena zina ankaikonza. Zinayenda choncho kwa zaka makumi awiri kudza zisanu ndi ziwiri.

Analowa m'labotale imeneyo akadali mtsikana, kudzatsuka mabotolo. Sukulu anali atailekeza panjira bambo awo atamwalira, ndipo satifiketi ya ntchito za m'labu anadzaipeza mochedwa, ali kale ndi ana awiri. Kuchoka pasinki anawasunthira pasikelo, kuchoka pasikelo n'kuwapatsa makiyi a firiji, ndipo kukwera kwawo kunathera pomwepo. Ena onse ankangowadutsa. Ankabwera ali ana asukulu osadziwa n'kuvala magolovesi komwe, mayiwo n'kuwaphunzitsa kagwiridwe ka chubu, kuwakolopera zimene ataya, kuwabisira zimene aswa. Pakatha zaka zinayi mwana yemwe uja ankatuluka ali dokotala, udokotala wa mabuku osati wochiza munthu, n'kuyamba kuyankha moni ndi chibwano.

Mayi Koloko sankadandaula nazo. Ankangowapeputsa mwakachetechete, monga telala amapeputsira munthu wovala suti yodula koma atamanga mabatani mophonya. Chimene ankanyadira chinali chimodzi chokha: fayilo yawo ya ku ofesi ya antchito. Inali yopyapyala kuposa ya wina aliyense pamalopo. Munali pepala limodzi, kalata yowalemba ntchito, basi. Munalibe chenjezo, munalibe dandaulo, munalibe kalata yopepesa kuchedwa. Kalaliki wosunga mafayilo ankaitulutsa poonetsa antchito atsopano, n'kuigwedeza m'mwamba kuti aone kupepuka kwake. Nyumba yaikulu analibe, galimoto analibe, koma mayiwo ankafuna kudzatuluka pageti tsiku lomaliza fayiloyo ili choncho.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi zomalizazi, ntchito ya labuyo inali yopanga jeli yomata pazilonda zokana kupola, za anthu a shuga ndi za opsa ndi moto. A Pulofesa, eni labu, akamafotokozera alendo ankatha ola lathunthu akuloza zithunzi pakhoma, alendowo akulimbana ndi tulo. Mayi Koloko anafotokozera amuna awo ntchito yomweyo madzi osamba asanatenthe. Pali mabakiteriya amene anawasintha chibadwa kuti azipanga puloteni yonga ulusi, yofanana ndi ija imachititsa khungu kutamuka. Ukaisefa, puloteniyo imangokhala madzimadzi, sungamate nayo kanthu. Ndiye umaithira ufa wina woyera umene umalumikiza tingowe ting'onoting'ono pa ulusiwo. Ukawalitsapo nyali yabuluu, tingoweto timakolana, madzi aja n'kugwirana kukhala jeli yofewa yoti ikhale pachilonda. Amuna awo, amene anali telala wa pakhonde, anamva zonsezo n'kunena kuti, "Kani nanunso mumasoka. Nanga amakulipiriraninji ngati otsuka mbale?"

Vuto linali ufawo. Pantchito unali waukali, koma ndi madzi unali wamantha. Kachinyezi pang'ono kankaupha, ndipo ukafa sunkaonetsa: woyera mbee chimodzimodzi, kulemera pasikelo chimodzimodzi. N'chifukwa chake unkakhala m'kabotolo ka galasi lochindikala, m'firiji yozizira koopsa. Tsono aliyense amene anagwirapo botolo la chakumwa chozizira tsiku lotentha amadziwa kuti limachita thukuta. Ukatsegula kabotolo ka ufa kakadali kozizira, thukuta lomwelo limakhala m'kati. Tsiku loyamba suona kanthu. Sabata yachitatu ndiye umayamba kukanda mutu.

Mayi Koloko anaphunzira zimenezi ndi misozi, chaka choyamba cha ntchito ya jeli, ataononga kabotolo kathunthu popanda wowauza chifukwa. Anadzazindikira okha ataona kadontho kunsi kwa chivindikiro. Anayesa kudikira mphindi khumi, sizinakwane. Anayesa makumi awiri, galasi linali likadazizira. Makumi anayi, kabotolo kali m'kapulasitiki m'thumba la jasi, pafupi ndi thupi, ndiye zinatheka. Kuyambira pamenepo m'mawa wawo unali umodzi. Eyiti koloko ankatsegula firiji, kuponya kabotolo m'thumba, kenako n'kukakhala pampando wa m'khonde la labu ndi kapu ya tiyi. Zina zonse ankakonzeratu dzulo lake, choncho manja analibe chochita kufikira ufa utafunda. Tiyi wa teni koloko, amene ena onse ankamwa mpaka leveni, iwo sankamwa. Za kabotoloko anawauzapo a Pulofesa kamodzi, pamasitepe. A Pulofesa anati, "Chabwino, chabwino," maso ali pafoni.

Ndondomeko ya kapangidwe ka jeli analemba ndi a Pulofesa eni ake, masamba anayi, n'kuimata pakhoma itakutidwa ndi pulasitiki. Anailemba m'mawa wina ataimirira kumbuyo kwa Mayi Koloko, akuonerera manja awo n'kumakopera. Koma a Pulofesa chiyambire ntchito anali asanafikepo naini isanakwane. Ndiye mzere woyamba wa ndondomekoyo unkati, yezani ufa pasikelo. Zimene zinkachitika ufa usanafike pasikelo, kwa iwo kunali kusanache.

Itatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti Mayi Koloko apume pantchito, kunabwera dokotala watsopano kudzayang'anira labu. Ana asukulu anamutcha Changu sabata yoyamba yomwe, chifukwa ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Pa zake anali katswiri ndithu, tisamunamizire. Ankatha kukhala pakompyuta n'kukonza mmene ulusi wa puloteni udzakhalire bakiteriya asanaupange. Koma ufa uja anali asanaugwirepo, ndipo ankaganiza kuti chinthu chimene chalembedwa pamasamba anayi sichingakhale ndi tsamba lachisanu. Anabwera ndi wotchi yapakhosi, ija amayezera othamanga. Anayeza nthawi yotsukira chubu chimodzi. Anayeza masitepe ochoka pafiriji kufika pasikelo. Ndipo tsoka lake, iyeyu ankafika eyiti.

M'mawa wachitatu anawapeza mayiwo pampando wawo wa m'khonde, kapu ili m'manja.

"Mayi, ntchito imayamba nthawi yanji kuno?"

"Eyiti koloko, adokotala."

"Nanga pano ili nthawi yanji?"

"Yapitirira ndi mphindi makumi awiri."

"Ndiye inuyo mukutani?"

"Ndikudikira botolo kuti..."

"Ine ndikuona kapu, botolo sindikuliona," anatero Changu. "Ndondomeko ili pakhomayo ndaiwerenga kawiri. Mulibe mzere wa tiyi."

Dzanja la Mayi Koloko linali kale pathumba. Kunali kongotulutsa kabotolo, nkhani n'kutha. Koma anayang'ana munthu wa msinkhu wa mwana wawo woyamba atawaimirira pamutu, chala chili pabatani la wotchi, ndipo mtima unawauza kuti amene safuna kumva mathero a mawu a mnzake, asawamve. Anachotsa dzanja pathumba. Anamaliza tiyi wawo pang'onopang'ono, akuuzira ngakhale anali atazizira kale, mpaka mphindi makumi anayi zitakwana.

Changu anawalemba kwa milungu iwiri, tsiku ndi tsiku, m'kabuku kake. Kenako anawaitanitsa ku ofesi ya a Pulofesa, chipinda chokhala ndi makatani olemera ndi zithunzi za a Pulofesa akugwirana chanza ndi anthu osiyanasiyana. Kalata inali italembedwa kale, ikungodikira siginecha.

"Mayi, tisatalikitse nkhani, ndili ndi msonkhano," anatero a Pulofesa. "Mwakhala mukumwa tiyi nthawi ya ntchito. Inde kapena ayi?"

"Inde, bwana. Koma paja ndinakuuzani pamasitepe..."

"Basi, mwavomera, ndiye zaphweka. Ndi kakalata kochenjeza chabe, musakaike kumtima."

A Pulofesa anasaina asanafike pansi pa tsambalo. Changu anaonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo ufa aziyeza yekha, pofuna kupulumutsa mphindi makumi anayi, ndipo mayi abwerere kusinki kumene kunali kuchepa anthu. Anatambasula dzanja. Mayi Koloko anachotsa makiyi a firiji pa chingwe cha m'khosi n'kuwaika patebulo, osati m'dzanjalo. Masana ake kalaliki anaboola kalatayo mabowo awiri n'kuilowetsa m'fayilo. "Pepani, mayi," anatero, osawayang'ana kumaso. "Ine ndimangosunga."

Anabwereradi pasinki yomwe anayambira, mpope wake ukadadontha mbali yomwe ija. Kuchokera pamenepo ankamva zonse. Eyiti koloko chitseko cha firiji chinkatseguka, mapazi a Changu n'kuthamangira pasikelo, kachivindikiro n'kulira. Kulira kwa kachivindikiroko kunkawalasa mumtima m'mawa uliwonse, koma sankatembenuka.

Sabata yoyamba jeli inalimba bwinobwino, ndiponso mofulumira kuposa kale. Changu analemba pabolodi ndi choko chofiira maola amene labu yapulumutsa, n'kuzunguliza nambalayo kawiri. A Pulofesa anamuyamikira pamsonkhano kuti wabweretsa mphepo yatsopano. Sabata yachitatu jeli inayamba kufewa. Yachisanu, ukapendeketsa mbale, inkatsetsereka ngati mamina a mwana wachimfine, ngakhale uiwalitsire nyali mpaka babu litenthe.

Apa ndiye ophunzira aja anaonetsa kuphunzira kwawo. Anayamba ndi madzi: anasintha zosefera zonse. Anapita kwa mabakiteriya: anataya amene analipo n'kudzutsa ena kuchokera m'firiji, milungu itatu n'kupita. Anakayikira nyali, anagula ina. Anakayikira magetsi. Changu anakonza msonkhano wa maola awiri wokhala ndi zithunzi makumi atatu zosonyeza kuti mwina ulusi wa puloteni ukupindika molakwika, ana asukulu akugwedeza mitu ngati akumva. Potsiriza analembera kalata yaukali kampani yogulitsa ufa kuti inawatumizira wakale. Kunabwera kabotolo kachiwiri, jeli inalimba, aliyense anapuma. Patatha milungu itatu inayambanso kutsetsereka. M'miyezi yonseyo anafunsa makina, anafunsa mabuku, anafunsa anzawo akunja pakompyuta. Munthu amene anapanga jeliyo zaka khumi ndi chimodzi osaphonyanso chionongekereni kabotolo koyamba kaja anali pamtunda wa masitepe asanu ndi limodzi, manja ali m'thovu, ndipo palibe anaganiza zomufunsa.

Mayi Koloko ankakondwa, tisabise. Kunali kukondwa kowawa, koma ankakondwa. Ankapita nako kunyumba madzulo, n'kukafotokozera amuna awo akuwamanga bandeji. Telalayo anali ndi shuga, ndipo pachidendene cha phazi lopondera makina panali kachilonda kamene kanatha chaka kakukana kutseka. Madzulo aliwonse mayiwo ankamuika phazi pampando, kutsuka ndi madzi a mchere, kupukuta, kumanga.

"Lero akuti vuto ndi mphepo ya m'chipinda," anatero tsiku lina. "Aitana anthu odzayeza mphepo."

"Amake mwana, bwanji osangowauza?"

"Andifunse."

"Akapanda kukufunsani?"

"Andifunsa, abambo. Atha zonse, kwatsala ine ndi mlonda. Ndipo akadzandifunsa, ayambe achotsa kalata ija."

Mawu ake anali atawakonza kale, ndipo ankawabwereza poyenda m'mawa kuchokera pasiteji. Adzapukuta manja, adzawayang'ana a Pulofesa m'maso, adzati: ndikuuzani, bwana, koma kalata ija ibwere pano muing'ambe ine ndikuona. Nthawi zina ankaonjezapo kuti Changu ndiye akaitenge, wapansi, wotchi ili m'khosi.

Telala anayang'ana chidendene chake. "Nanga a zilondafe tidikire mpaka liti?"

"Musandiyese mwana. Jeli imeneyo ngakhale italimba mawa, kwa inu idzafika patatha zaka khumi."

"Ndiye kuti tsopano ndi zaka khumi ndi miyezi inayi."

Mayi Koloko anamanga bandejiyo mothina kuposa masiku onse, mwamunayo n'kuchita kukoka phazi.

Atatsala ndi masiku asanu ndi anayi kuti apume, zinthu zinafika pothina. Madokotala enieni, ochiza anthu, a kuchipatala chimene chinavomera kuyesa jeliyo, analemba kuti atopa kudikira. Ankafuna jeli yopangidwa maulendo makumi awiri m'milungu isanu ndi umodzi, yonse yofanana, apo ayi kuyesako kudikire chaka china. Kabotolo kachitatu kanali katangofika, kosatsegula, ndipo kampani inali itanena kuti kena sikapezeka kufikira patatha miyezi itatu. Mayi Koloko anawerenga masiku pa zala. Kabotoloko kakatsegulidwa monga tinzake, kadzagwira milungu iwiri, kenako kadzafa iwo atapita kale.

M'mawa wotsatira kunachitika zachilendo: a Pulofesa anafika eyiti koloko. Alonda anatsala pang'ono kuwafunsa chitupa. Analowa m'labu atavala jasi loyera likadali ndi mizere ya m'paketi, nasonkhanitsa onse mozungulira sikelo, nati lero aonerera okha kuyambira poyamba. Anafunsa Changu. Anafunsa ana asukulu mmodzimmodzi. Kenako anatembenukira kusinki.

"Mayi."

Mayi Koloko anatseka mpope, anapukuta manja pa jasi, anatembenuka. Mawu aja anali okonzeka pa lilime.

"Machubuwa mukumawatsukuluza bwino? Mwina ndi sopo wotsalira."

"Ndimatsukuluza katatu, bwana, monga kale."

"Muzichita kanayi."

A Pulofesa anabwerera kwa anzawo. Mayiwo anaima pomwepo, akuyang'ana msana wa jasi latsopanolo. Kwa miyezi inayi ankaganiza kuti anthuwa akuchita manyazi kuwafunsa. Apa anaona kuti panalibe manyazi alionse. M'mitu imeneyo munalibe malo oti munthu wa pasinki angadziwe kanthu koposa sopo.

Changu anatsegula firiji. Anatulutsa kabotolo katsopano, kali mbuu ndi kuzizira, nathamangira nako pasikelo, wotchi ikugunda pachifuwa. Anachotsa pulasitiki ya pakamwa. Zala zake zinagwira chivindikiro.

Mayi Koloko sanadziwe nthawi imene anadutsa masitepe asanu ndi limodzi aja. Anangozindikira kuti agwira dzanja la dokotala.

"Musatsegule."

Analanda kabotoloko, anadutsitsa chala pagalasi, n'kuchikweza pafupi ndi magalasi a a Pulofesa. Chinali chonyowa.

"Madziwa mukuwaona? Mukatsegula pano, akhalanso m'katimu. Ufawu umafa ndi madzi, ndipo ukafa suonetsa. Kamafunika kadikire mphindi makumi anayi pamalo ofunda, kaume, ndiye mutsegule. Zaka khumi ndi chimodzi kamakhala m'thumba mwangamu ine ndikamamwa tiyi uja."

Apa m'pamene mayiwo anakumbukira kuti mawu amene anawakonza miyezi inayi anayenera kuyamba ndiwo. Tsopano analibenso chobisa m'thumba, ndipo kalata inali ikadali m'fayilo. Anadzipsera mtima kuposa mmene anapsera mtima wina aliyense m'chipindamo.

A Pulofesa anavula magalasi, nawapukuta ndi taye. "Eetu. Chinyezi," anatero. "Izi amaphunzira ana asukulu a chaka choyamba, adokotala. Ine ndimayesa mukudziwa."

"Ndinali nditayamba kale kukayikira chinyezi, a Pulofesa," anatero Changu. "Ndinalemba penapake."

Ana asukulu anagwedeza mitu monga ankagwedezera pa zithunzi makumi atatu zija. A Pulofesa anayang'ana wotchi yawo. "Ndiye tili ndi mphindi makumi anayi. Tiyeni ku ofesi tikakambirane bwino, kuli ketulo. Mayi, tisungireni kabotoloko."

Anatuluka onse. Mayi Koloko anatsala okha m'labu, kabotolo kali m'thumba, ataimirira pafupi ndi sinki. Pampando wa m'khonde sanakakhale, pakuti anali ndi kalata yowaletsa.

Jeli ya tsiku limenelo inalimba. Ya mawa lake inalimbanso, ndi ya mkuja. Changu anafufuta nambala yofiira ija pabolodi m'mamawa wina anthu asanabwere. Lachisanu mayiwo anawadikirira a Pulofesa pamasitepe omwe aja.

"Bwana, kalata ija."

"Iti? Aa, ija. Musade nkhawa, mayi, tiona."

Lolemba a Pulofesa anakwera ndege kupita kumsonkhano wakunja, kukafotokozera anthu ophunzira mmene labu yawo inagonjetsera vuto la chinyezi. Mayiwo anapita kwa Changu. Iye anati kalatayo analembadi ndi iye, koma wosaina ndi a Pulofesa, choncho manja ake ndi omangika. Anaonjeza, akusanja mapepala patebulo, kuti mayi akanalongosola bwinobwino poyamba, zonsezi sizikanachitika, ndipo labu yataya miyezi inayi chifukwa chosalankhulana. Mayiwo anapita kwa kalaliki. Kalaliki anati lamulo limati kalata ingachotsedwe ndi woisaina yekha, polemba kalata ina, munthu asanapume. A Pulofesa abwera patatha milungu itatu.

Tsiku lomaliza Mayi Koloko anakhota pakona ya mpanda kutatsala mphindi khumi kuti eyiti ikwane. Mlonda wamkulu anayang'ana wotchi yake, naona kuti ili bwino. M'labu mayiwo anapeza ndondomeko yatsopano pakhoma, masamba asanu, pulasitiki yake ikunyezimira. Mzere woyamba unkati, tulutsani botolo m'firiji ndipo dikirani mphindi makumi anayi musanatsegule. Pansi pa tsamba lomaliza panalembedwa kuti yakonzedwa ndi dokotala woyang'anira labu. Anatsuka machubu a dzulo, kutsukuluza kanayi. Itapitirira eyiti ndi mphindi makumi awiri anatuluka kukataya zinyalala, napeza Changu atakhala pampando wawo uja m'khonde, miyendo atapingasa, ana asukulu anayi atamuzungulira, aliyense ndi kapu yake. Kabotolo kanali kakutukumula thumba la jasi lake.

"Mayi, simumwa nawo?" anafunsa mmodzi wa ana asukulu.

"Ayi, zikomo. Ndili pantchito."

Masana anapachika jasi pamsomali wake, anapereka magolovesi otsala kwa woyeretsa, natsikira ku ofesi ya antchito kukasaina. Kalaliki anatulutsa fayilo ija, imene kale ankaigwedeza m'mwamba, naitsegula patebulo. Lamulo linali loti awerengere munthu zonse zimene zili m'fayilo yake asanaitseke. Ananyambita chala.

"Yoyamba, kalata yokulembani ntchito. Yachiwiri, kalata yochenjeza chifukwa chotaya nthawi ya ntchito." Anatsokomola pang'ono. "Yachitatu, kalata yopuma."

Mayi Koloko anayang'ana mapepala atatuwo. Lapakatilo linali loyera kuposa anzake, siginecha ya a Pulofesa itadzaza theka la m'munsi. Aliyense amene adzatsegule fayiloyo patsogolo, osawadziwa iwo, adzapeza kuti m'zaka makumi awiri kudza zisanu ndi ziwiri chimene mayiyu anachita choyenera kulembedwa n'kumwa tiyi. Kalaliki anawapatsa cholembera, naloza posaina.

"Musaine apa, mayi, kutsimikiza kuti zonse zilimo, palibe chasowa."